Miyendo ilipo, wogwira wotchi ndiye akusowa

Moni kwa inu amene mwakhala pakhonde, inu amene mukudikira minibasi pa siteji, ndi inu achimwene a kabaza amene mwamangirira kawailesi kuhandulo. Madzulo ano tikamba za njinga. Ndikuyankhula nanu kuchokera kuno ku Malosa, phiri lili kumsana, msewu wa M3 uli kumaso, uku ukukwera ku Zomba, uku ukutsikira ku Liwonde.

Ndiyambe ndi zimene ndinaona Loweruka lapitali. Ndinali pansi pa mtengo wa mango pomwe bambo wina amakonzera njinga, kudikira kuti andimatire chubu. Njinga yanga anali ataigoneka chagada, matayala m'mwamba, iwo ali kalikiliki kuviika chubu m'beseni la madzi akuda, kufunafuna pamene pakutuluka thovu. Kenaka kunatulukira mtsikana, wazaka mwina 16, kuchokera cha ku Domasi. Pakeliyala thumba la mpunga lomanga ndi mphira. Kumapazi patapata. Chitenje atachipindira m'mawondo kuti chisakodwe mu tcheni. Kutsogolo kwake kunali anyamata awiri a kabaza, opanda wokwera, akukwera kamtunda ka pamenepo uku akucheza. Mtsikanayo sanadzuke n'komwe pachishalo. Anangowerama pang'ono, n'kuwadutsa, fyuu! Mnyamata mmodzi anati amulondole, koma atapalasa pang'ono anagwa ulesi, n'kuyamba kudziseka yekha. Okonza njinga aja anangodzutsa mutu nati, "Ameneyo ndi wa masiku onse. Pobwerera adutsanso chomwecho." Basi, maso kubeseni.

Ine ndinatsala ndi funso limene mpaka pano likundisowetsa mtendere. Mtunda umenewu anaukwera mphindi zingati? Okonza njinga sanawerenge. Anyamata aja sanawerenge. Mwini wakeyo ndiye analibe nazo ntchito, maganizo ake anali pa mtengo wa mpunga.

Mtsikana ameneyu musamuiwale, tibwerera kwa iye. Tiyeni tiwoloke kaye nyanja.

Kum'mawa kwa Madagascar kuli chilumba chotchedwa Mauritius. Ndi dziko la mu Africa, tili nalo limodzi mu SADC. Anthu ake ndi pafupifupi 1.3 miliyoni, kutanthauza kuti mukaphatikiza anthu a m'boma la Zomba ndi a m'boma la Machinga, mwaposa kale dziko lonselo. Kumeneko mu 1996 kunabadwa Kimberley Le Court, amene anthu amangomutchula kuti Kim. Anakulira ku South Africa, ndipo ali ndi zaka 19, mu 2015, anapata mendulo ya golide pa mpikisano wa njinga wa pamsewu ku African Games, mumzinda wa Brazzaville. Chaka chomwecho analowa timu ya Matrix ya ku Britain, ndipo chaka chotsatira anasamukira ku Bizkaia-Durango ya ku Spain. Wina akanati basi, mwana waphula.

Sizinatero. Masiku amenewo akazi ambiri opalasa njinga ku Ulaya ankalandira zochepa kwambiri, ena osalandira kalikonse, kungopatsidwa njinga ndi malaya. Mwana wa kumeneko akasowa ndalama amakagona kwa makolo ake. Nanga wochokera kutsidya la nyanja? Kim anabwerera ku South Africa, ndipo kwa zaka 7 dzina lake linazimirira m'misewu ya ku Ulaya. Koma njinga sanaipachike. Anapitiriza kupikisana kwawoko, kupambana kangapo mpikisano wa Cape Town Cycle Tour, n'kulowanso njinga za m'mapiri, zija zoyenda m'miyala ndi m'matope. Mu 2023, iye ndi mnzake Vera Looser wa ku Namibia anapambana Cape Epic, mpikisano wa masiku 8 umene anthu amapalasa awiriawiri.

Atatero, iye ndi mwamuna wake Ian Pienaar anayamba kulembera matimu a ku Ulaya, imodzi ndi imodzi, kupempha malo. Ambiri sanayankhe, ena anakana. Munthu wazaka 27, woti anayesapo kale n'kubwerera, ndani angamutaye ndalama? Timu imodzi ya ku Belgium, AG Insurance-Soudal, ndiyo inamutenga kuyambira 2024. M'timu imeneyo munali kale mayi wina wa ku South Africa, Ashleigh Moolman-Pasio, katswiri wa mitunda amene anaphunzira uinjiniya ku yunivesite ya Stellenbosch ndipo kwa zaka zambiri anasenza yekha dzina la Africa m'mipikisano ya akazi.

Apa ndiime pang'ono, ndifotokoze mmene mpikisanowu umayendera, chifukwa ambirife tikamva za mpikisano wa njinga timaganiza kuti ndi kungopalasa mwankhanza, wamphamvu afike woyamba. Mdani wamkulu wa wopalasa ndi mphepo. Inu a kabaza mukudziwa mmene zimakhalira mwera ukakuombani kumaso mu June: mwendo ukugwira ntchito, njinga ikukana. Tsono amene wabisala kumbuyo kwa mnzake, tayala lake litatsala pang'ono kukhudza la wapatsogolo, amasunga mphamvu pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. N'chifukwa chake pakanema mumawaona atathithikana ngati dzombe, phewa ndi phewa, pa liwiro loti wina akangophonya buleki, anthu 20 ali pansi. Timu imakhala ya anthu 6 kapena 7, koma woti apambane ndi mmodzi. Enawo ntchito yawo ndi kumutchingira mphepo, kubwerera kugalimoto kukamutengera madzi, ndipo tayala lake likaphulika pamalo poipa, kumupatsa lawo. Munthu atha kugwira ntchito imeneyi zaka 10 osapambanapo ngakhale kamodzi, koma mwezi ukatha n'kumalandira malipiro ake, anzake n'kumamupatsa ulemu. Mutu umodzi susenza denga, ngakhale pa njinga.

Chaka chake choyamba atabwerera, Kim anamaliza pa nambala 10 mu Paris-Roubaix, mpikisano wodutsa m'timisewu ta miyala ta alimi a kumpoto kwa France, momwe njinga imanjenjemera mpaka manja kutuluka matuza. Mu July chaka chomwecho anapambana tsiku lomaliza la mpikisano wa Giro d'Italia ya akazi, mumzinda wa L'Aquila.

Koma chaka chimene anthu adzachikumbukire ndi 2025. Pa 27 April kunali mpikisano wa Liège-Bastogne-Liège ku Belgium. Wa amuna unayamba kalekale, mu 1892. Akazi anawalola kuchita wawo mu 2017. Ndi makilomita oposa 150, mitunda yokhayokha. Kuti mumvetse, yerekezani mwanyamuka pano pa Malosa, mwadutsa Songani, mwadutsa Zomba, Namadzi, mwafika ku Blantyre, mwatembenuka osapuma, n'kubwerera mpaka kuyandikiranso Zomba. Kumapeto kunatsala akazi anayi: Kim, Demi Vollering ndi Puck Pieterse a ku Netherlands, ndi Cédrine Kerbaol wa ku France. Pothamangira mzere, Kim ndiye anafika woyamba. Mpikisano umenewu ndi umodzi mwa mipikisano 5 yakale ya tsiku limodzi imene eni ake amaitcha Monuments, ndipo panali pasanapezeke munthu wa mu Africa, mwamuna kapena mkazi, wopambana ngakhale umodzi.

Patangotha miyezi itatu kunabwera Tour de France ya akazi: masiku 9, makilomita oposa 1,100, anthu 154 ponyamuka. Mu mpikisano umenewu nthawi ya tsiku lililonse imaphatikizidwa, ndipo amene ali ndi nthawi yochepa kuposa onse amavala malaya achikasu m'mawa mwake. Kim anawavala masiku 4, mkazi woyamba wa mu Africa kutero. Pa 30 July, mumzinda wa Guéret, anapambana tsiku lalitali kuposa onse, ngakhale kuti anatsala pang'ono kudziputira manyazi: anakweza dzanja kusangalala asanadutse mzere, Vollering ali pambali pake akubwera ngati moto. Anapulumukira mkamwa mwa mbuzi.

Tsiku limene ine limandikhudza ndi la 8. Tsiku limenelo ankamalizira pamwamba pa Col de la Madeleine, chikweza cha makilomita oposa 18, pamwamba pake pafupifupi mamita 2,000, msinkhu wa phiri lathu la Zombali. Kim anagwa potsetsereka m'njira, anadzuka, n'kuwapezanso anzake. Ankadziwa kuti chikweza chotalika chonchi si chake, koma m'timu mwake munali mtsikana wa ku Australia, Sarah Gigante, wopepuka, wodziwa kukwera. Ndiye anthu anaona zachilendo: wovala malaya achikasu, amene mwamwambo ndiye amatchingiridwa mphepo, ali patsogolo kukokera mnzake, mpaka mphamvu zake zonse zitatha. Malaya anapita kwa Pauline Ferrand-Prévot wa ku France, amene anapambananso mpikisano wonse. Ine ndimati tsiku limenelo Kim anaonetsa ntchito yake yeniyeni kuposa tsiku la ku Guéret.

Ndisakunamizeni kuti nkhani ya Kim ndi ya mwana wosauka amene anangodzuka n'kugonjetsa dziko. Ayi. Anali ndi banja lomuthandiza, njinga yabwino, ndipo anakulira m'dziko momwe mipikisano imachitika kawirikawiri. Njinga imene amapalasa anthu amenewa malamulo amati isapepuke kuposa makilogalamu 6.8; ya Buffalo imene ana a sukulu ena analandira kuno imalemera kuposa makilogalamu 20. Mtengo wa yampikisanoyo mutha kugula nawo galimoto yoyenda bwinobwino. Ndipo musaganize kuti ku Ulayako akazi zinthu zinawayendera kale. Ndi mu 2020 momwe bungwe loyendetsa masewerawa padziko lonse, UCI, linalamula kuti matimu akuluakulu a akazi azilipira ma euro osachepera 15,000 pachaka ndi kupereka tchuthi cha uchembere. Mu 2025 wopambana Tour de France ya akazi analandira ma euro 50,000, pamene wa amuna analandira 500,000.

Nanga ndakufotokozerani zonsezi chifukwa chiyani? Chifukwa cha makalata aja. Taganizani, m'kalata ya Kim munali chiyani? Simunali mawu oti ndine wolimba, kapena oti anthu kwathu amandichitira umboni. Munali madeti, maina a mipikisano, ndi nambala imene anamalizira, zinthu zoti bwana wa timu ku Belgium atha kutsegula kompyuta n'kuziona yekha. Zaka 7 zija ankaoneka ngati watayika, koma Loweruka lililonse limene anapikisana, wina anali pamzere ndi wotchi, n'kulemba.

Mtsikana wathu wa thumba la mpunga uja, atati alembe kalata, alembamo chiyani? Kuti anadutsa anyamata awiri a kabaza pamaso pa okonza njinga?

Kuno kwathu mbiri ya mpikisano wa njinga ilipo, koma ndi ya amuna. Mu 1984, ku Los Angeles, akazi analoledwa koyamba kupikisana pa njinga ku Olympics, ndipo anapambana Connie Carpenter wa ku America. Chaka chomwecho Malawi anatumizako Dyton Chimwaza ndi Daniel Kaswanga. Mkazi akanapita bwanji? Nthawi imeneyo lamulo la kavalidwe la 1973 linali likugwira ntchito: mkazi osavala thalauza, osavala siketi yoonetsa mawondo. Linachoka mu 1993. Inu amene munabadwa pambuyo pake mwina muziona ngati nthano. Achemwali anga aakulu anaphunzira njinga mobisa, usiku wa mwezi, pa njinga ya Humber ya abambo, mwendo atapisa pansi pa mtanda chifukwa diresi silikanalola kukwera pamwamba. Azakhali atamva, kunali mlandu pakhomo. Ankati njinga imawononga mtsikana, adzavutika pobereka. Achemwali angawo lero ali ndi ana 6, ndipo onse anapita nawo kusikelo pa keliyala. Ngati mukufuna umboni wakutali, Lizzie Deignan wa ku Britain anabereka mu 2018, n'kudzapambana Paris-Roubaix yoyamba ya akazi mu 2021.

Mu 2014, ku masewera a Commonwealth ku Glasgow, kunapita anyamata athu awiri, Missi Kathumba ndi Leonard Tsoyo. Njinga zawo zinali zotopa, moti shopu ina ya njinga mumzindawo inawapatsa zina zoti apikisanire. Pa masewera omwewo, Ashleigh Moolman-Pasio uja anatenga mendulo ya nambala 3 pa mpikisano wa akazi. Kufikira ku Paris mu 2024, Malawi anali asanatumizepo mkazi wopalasa njinga ku Olympics.

Lamulo la thalauza linachoka, koma pakamwa pa anthu sipanatsekeke. Mtsikana avale kabudula wothina wa opalasa njinga, adutse pamsika wa Songani tsiku la msika, mumve malikhweru ake. Amayi ena amati si ulemu. Ndikuwamva, ndipo sindikuwanyoza. Koma amayi omwewo ndi amene amamutuma mwanayo kuchigayo pa njinga, kumunda pa njinga, kukatenga feteleza pa njinga. Akasenza thumba, ndi mwana wolimbikira. Akangochotsa thumbalo n'kunena kuti ndikufuna ndione liwiro langa, wasanduka wopanda mwambo. Izi ndiye sindizimvetsa.

Si kale pomwe tinkanena zomwezi za mpira wa miyendo. Lero ndani akuseka Tabitha Chawinga, amene anagoletsa zigoli zambiri kuposa onse mu ligi ya ku Italy n'kupita ku France? Ndani akuseka mng'ono wake Temwa, amene mu 2024 anasankhidwa kukhala wosewera bwino kuposa onse mu ligi ya ku America, atagoletsa zigoli 20? Anatulukira chifukwa panali bwalo, panali timu, panali woimbira ndi wolemba zigoli. Ku netiboli n'chimodzimodzi: Mwawi Kumwenda sakanafika ku Australia pakanapanda masewero omwe anthu anamuonerapo.

Wina anena kuti njinga ndi masewera a azungu ndi a mayiko olemera. Apite ku Rwanda akaone. Dziko la mapiri ngati kwathu kuno, lodzaza ndi kabaza ngati kwathu kuno, ndipo opalasa ake ena odziwika anayambira kunyamula anthu ndi katundu. Mu 2015 mtsikana wawo, Jeanne d'Arc Girubuntu, anakapikisana nawo pa mpikisano wa dziko lonse ku America. Mu September 2025 mpikisano wa dziko lonsewo unachitikira mumzinda wa Kigali, koyamba mu Africa. Ndiponso bungwe la UCI lili ndi malo ophunzitsira achinyamata a mu Africa ku Paarl, ku South Africa. Koma kumeneko satenga munthu chifukwa cha mbiri ya pansi pa mango.

Chimene ndikupempha ndi chaching'ono, mwina mpaka museka. Sindikupempha njinga ya makilogalamu 6.8. Ndikupempha wotchi, kope, ndi mtunda umodzi woyezedwa bwino. Mitunda ndiye tili nayo yosasowa: chigwa cha Domasi chili pakati pa mapiri awiri, ndipo msewu wokwera ku Ku Chawe ndi chikweza choti mphunzitsi aliyense wa njinga angachisirire. Pa M3 pokha ndiye ayi, pokhapokha apolisi atatseka msewu, chifukwa malole ndi maminibasi a pamenepa sadziwa kupatukira njinga, ndipo sitikufuna kulira maliro chifukwa cha masewera. Tisankhe msewu wa m'mbali. Atsikana abwere ndi njinga zomwe ali nazo, ya Buffalo ipikisane ndi ya Buffalo, ya magiya ndi ya magiya. Azinyamuka mmodzimmodzi, mphindi imodzi pakati pawo, kuti pasakhale kugundana. Okonza njinga ayang'ane mabuleki onse asananyamuke. Zipewa zoteteza mutu tibwereke kwa a kabaza ya njinga zamoto. Wofuna kupalasa atavala chitenje pamwamba pa thalauza, apalase choncho, wotchi siona zovala. Mphunzitsi mmodzi pansi, wina pamwamba, foni m'manja. Dzina, zaka, mphindi, masekondi. Mwezi wamawa, mtunda womwewo, kope lomwelo. Pakatha chaka tidzakhala tikudziwa atsikana atatu othamanga kuposa onse m'chigwa chino, ndipo pepala limenelo tidzalitumiza ku Cycling Federation of Malawi lili ndi chidindo cha ahedi.

Mwina mwa atatuwo simudzatuluka wopita ku France. N'kutheka ndithu. Ngakhale ku Mauritius watuluka mmodzi. Koma pano sitinganene kuti palibe, chifukwa sitinayezepo ndi kamodzi komwe.

Aphunzitsi a masewera, kuyambira ku Songani, Domasi, mpaka kuno ku Malosa, nkhaniyi ndaitula kwa inu. Amfumu, tipatseni msewu kwa maola awiri okha. Achimwene a kabaza, makamaka inu awiri munadutsidwa aja, mubwere mudzaime m'makona ndi nsalu zofiira, palibe amene adzakutchuleni maina. Ndipo iwe mwanawe wa thumba la mpunga, ngati uli pafupi ndi wailesi, uwauze amayi kuti abambo aja anali pansi pa mango akupempha kuti Loweruka likubwerali akumasule m'mawa wokha. Thumba ulisiye kunyumba. Wotchi ndibwera nayo ine.